Kodi boma limathandizapo pa bilu ya magetsi ndi mafuta a mabizinesi athu?

Nkhani iyi inayambira pakhonde la mzikiti, msungichuma wa komiti atawerenga ndalama zomwe zalowa ndi kutuluka pamwezi. Zinapezeka kuti mayunitsi a magetsi a mzikiti ndi madrasa akudya ndalama zambiri kuposa choko, mabuku ndi mikeka kuphatikiza pamodzi. Mayi wina amene mwana wake amakhala ku Leicester anati: "A Shehe, kumene kuli mwana wanga kuja boma linkawadulira bilu eni mashopu, masukulu ngakhale nyumba zopemphereramo. Nanga kuno bwanji?" Mwini chigayo anavomereza, mwini boti nayenso anati funso lomwelo lifike pa petulo. Tinalonjeza kuti tifufuza, ndipo popeza tinali ndi ulendo wokasiya mpunga ndi usipa wouma ku msika wa ku Old Town ku Lilongwe, tinayenda maso ali tcheru. Zimene tapeza ndi izi.

Zimene mayi aja anamva n'zoona. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa gasi ndi magetsi ku Britain unakwera koopsa. Boma la kumeneko linakhazikitsa thandizo lotchedwa Energy Bill Relief Scheme, loyambira pa 1 Okutobala 2022 mpaka pa 31 Malichi 2023. Mabizinesi, mabungwe achifundo, masukulu ndi zipatala sankachita kulembetsa ayi. Kampani yogulitsa magetsi inkangochotsera pa bilu, boma n'kuibwezera kampaniyo. Itatha miyezi isanu ndi umodziyo anaika thandizo lina locheperapo, lomwe linatha mu Malichi 2024. Choncho ngakhale dziko lolemera ngati limenelo silinathe kusenza katunduyu mpaka kalekale.

Kuno kwathu kulibe pulogalamu yotero, yakuti boma lilipireko gawo la bilu ya chigayo, ya fakitale ya ayezi, ya kopaletivi kapena ya mzikiti. Tinene zimenezi poyera kuti wina asakunamizeni kuti mupereke kangachepe akulembetseni. Komabe si kuti dzanja la boma mulibe m'nkhaniyi. Limalowa kudzera njira zinayi: pokhazikitsa mtengo wa magetsi, pogwira mtengo wa mafuta, pokoka mawaya kupita kumidzi, ndi pochotsa misonkho pa zipangizo za sola. Tiyeni tizione imodzi imodzi, kuti tidziwe pomwe tingapindule ndi pomwe tikungolipirira anzathu.

Amene amaika mtengo ndani?

Ambiri timangoti "a ESCOM akweza magetsi." Koma mabungwe alipo atatu. EGENCO ndi imene imapanga magetsi, ndipo inapatuka ku ESCOM mu Januwale 2017. Makina ake akuluakulu ali pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutanthauza kuti madzi a nyanja yomweyi imene timaponyamo chilimila ndi amene amayatsa Lilongwe ndi Blantyre. ESCOM imagula magetsiwo n'kuwayendetsa m'mawaya kufika pa mita yanu. Imagulanso kwa makampani ena, monga munda wa sola wa mamegawati 60 womwe unatsegulidwa ku Salima mu 2021. Lachitatu ndi MERA, bungwe lomwe linabwera ndi malamulo a zamphamvu a 2004, ndipo likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe. ESCOM imapempha, koma wovomereza mtengo ndi MERA. Mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini amalengezanso ndi a MERA omwewo.

Mtengo wa magetsi umakwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mtengo wa maziko, womwe amaukonza wa zaka zinayi. Wa 2023 mpaka 2027 unayamba ndi kukwera kwa maperesenti 18 mu Sepitembala 2023, ndipo zigawo zina anazigawa m'zaka zotsatira. Asanavomereze mtengo wotere, a MERA amaitanitsa maganizo a anthu pamisonkhano yapoyera. Amakampani akuluakulu amapitako ndi mapepala awo, koma asodzi ndi alimi a mpunga kawirikawiri sitioneka. Njira yachiwiri ndi yotsatira kwacha: ikagwa kapena katundu akakwera mopyola malire amene anaika, mtengo umasunthidwa. Ndi zimene zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi maperesenti 44. Magetsi anakwera ndi maperesenti opitirira pang'ono 40.

Apa ndiye pali phunziro kwa eni mabizinesi. Pa nthawi imeneyo makasitomala a m'nyumba anawapumitsa kaye miyezi ingapo, koma a mabizinesi mtengo watsopano unawagwera pompo. Ndi mmene dongosolo lathu lilili: chifundo chimayamba ndi nyumba yogonamo. Wa mita ya pakhomo amagula mayunitsi 50 oyamba pamwezi pa mtengo wotsika, akapitirira pamenepo mtengo umakwera. Shopu, ofesi, chigayo ndi malo ena amene si nyumba yogonamo ali m'magulu ena, ndipo mwayi wa mayunitsi otchipawo alibe. Mafakitale aakulu, ngati a ku Kanengo, ali ndi gulu lawolawo: amalipira mayunitsi komanso kukula kwa mphamvu imene amakoka pakamodzi, ndipo mtengo wawo umasiyana pakati pa maola otanganidwa ndi maola a usiku.

Wina anganene kuti, "Ine kwathu kulibe ndi pholo lomwe, zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani, achimwene. Ku msika wa Old Town, chambo chatsopano chimakhala pa ayezi, ndipo ayeziyo amapangidwa ndi magetsi a mtengo wa bizinesi. Wogulitsa nsomba akalipira zambiri pa ayezi ndi pa firiji, sangakweze mtengo kwa wogula mopanda malire, chifukwa wogulayo angothawira ku soya pisi ndi bonya. Ndiye amabwera pagombe n'kudzatsitsa mtengo kwa inu. Chimodzimodzi mpunga: wa makina opunthira akakweza, mlimi wa ku Lifuwu kapena ku Bua ndi amene amachepekedwa pa thumba lililonse. Bilu imalembedwa m'tauni, koma gawo lina timalipira ndife a kunyanja.

Mafuta otchipa amene sitinawaone

Njira yachiwiri ndi ya mafuta, ndipo iyi ndi imene imakhudza mwini injini. Malawi alibe doko la panyanja ya mchere. Mafuta amabwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola. Oitanitsa akuluakulu ndi NOCMA, kampani ya boma, ndi PIL, ya makampani ogulitsa mafuta. Kuyambira 2012 pali lamulo lakuti mtengo wa pa pampu uziyendera limodzi ndi mtengo wa kunja komanso mphamvu ya kwacha. Palinso thumba lokhazikitsira mitengo: mafuta akatsika kunja, ndalama yotsala imasungidwamo, kuti akadzakwera thumbalo lidzatseke mpata.

Mu Novembala 2023 petulo anafika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K2,734. Mitengo imeneyi inakhala osasuntha pafupifupi zaka ziwiri, mpaka mu Okutobala 2025 pomwe petulo anakwera kufika pa K3,499. Kugwira mtengo choncho ndi thandizo ndithu, ngakhale sililembedwa pa lisiti. Koma thumba lija litauma, oitanitsa mafuta ankagulitsa motsika kuposa mmene agulira, ngongole n'kumachuluka, madola n'kumasowa. Zotsatira zake tonse tinaziona chakumapeto kwa 2024: mizere ya magalimoto yogona pa filing'i siteshoni, ndi mavenda a zigubu m'mphepete mwa msewu.

Tsono funsani kuti mtengo wotsikawo anaudyerera ndani. Amene ali ndi galimoto ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 amatha kutuma dalaivala kukagona pamzere, n'kudzaza thanki pa mtengo wa boma. Msodzi sanganyamule boti kupita nalo pa pampu. Amadalira chigubu, ndipo mafuta akasowa a MERA amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo pofuna kuthana ndi mavenda. Mapeto ake mwini boti ankagula kwa mavenda omwewo pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina mafuta osakaniza owononga injini. Sitikunena izi mwa kaduka ndi anthu a ku ma Area. Tikungofotokoza kuti thandizo lobisika mu mtengo limapita kwambiri kwa amene amagula zambiri ndiponso ali pafupi ndi pampu.

Dziwaninso kuti mu lita iliyonse muli timisonkho tingapo. Muli ya misewu, yomwe imapita kokonza misewu ngakhale boti lanu siliyenda pa tala. Muli ya MERA, muli ya thumba lija, mulinso ya magetsi a kumidzi. Iyi yomalizayi muisunge m'mutu, chifukwa ikutifikitsa pa njira yachitatu.

Mawaya ndi thiransifoma

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi a mawaya, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'tauni. Choncho kwa ife ambiri vuto loyamba ndi kupeza waya, bilu imabwera pambuyo. Thandizo lenileni la boma pa nkhaniyi ndi MAREP, pulogalamu yofikitsa magetsi kumidzi, yomwe inayamba mu 1980 ndipo imayenda m'magawo. Imaimika mapolo ndi mathiransifoma m'malo a malonda, m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono, mwini chigayo osalipira mtunda wonse wa waya. Ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho uja wa pa mafuta ndi pa magetsi. Ndiye msodzi aliyense amene wathira petulo mu injini waponyamo kale yake. Kupempha MAREP si kupemphetsa ayi, n'kufunsa za chinthu chimene mwasonkhera.

Maina a malo amadutsa ku khonsolo ya boma lanu. Ndiye njira yake ndi kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya dera, mpaka kwa DC, khansala ndi phungu akudziwa. Kalata yonena kuti "tikufuna magetsi" basi imangosungidwa m'kabati. Lembani kuti pagombe panu pali maboti angati, zigayo zingati zoyendera dizilo, mashopu angati, sukulu, madrasa ndi chipatala, komanso kuti waya wapafupi uli pa mtunda wotani. Gombe lomwe lili ndi komiti ya asodzi yolongosoka limamveka msanga kuposa munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kumene waya wafika kale, kwakhala kuli pulogalamu ya Ndawala, yothandizidwa ndi World Bank, yolumikiza nyumba zapafupi ndi mapolo, mwini nyumba n'kumabweza pang'onopang'ono pogula mayunitsi. Kumene waya uli kutali, thumba la Ngwee Ngwee Ngwee la ku Unduna wa Zamphamvu lathandiza makampani a sola kufikitsa timagetsi ta m'nyumba pa mtengo wofewerapo. Zonse ziwirizi zinapangidwira makomo. Zimayatsa mababu, wailesi ndi kutchaja foni, koma sizingazungulitse chigayo. Chigayo ndi makina a ayezi zimafuna magetsi a mawaya atatu aja amati three phase, ndi thiransifoma yokwanira. Musagule mota musanafunse ku ofesi ya ESCOM ngati thiransifoma ya kwanuko ingaikwanitse.

Sola yopanda msonkho

Njira yachinayi ndi imene tinaiona ndi maso ku Lilongwe. Mukadutsa m'misewu ya Area 10, Area 43 ndi Area 47, madenga ambiri ali ndi mapanelo a sola, ndipo kuseri kwa mipanda kumamveka majenereta. Anthu ambiri anaika zimenezi mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko n'kukhala mu mdima wa maola ambiri tsiku lililonse kufikira makinawo atabwerera mu 2023. M'mashopu a ku Old Town, mapanelo, mabatire ndi ma inverter ali mbwee.

Boma linachotsa msonkho wa pachipata pa zipangizo zambiri za sola, ndipo mu bajeti ya 2019/20 linachotsanso VAT pa mapanelo, mabatire a sola, ma inverter, komanso gasi wophikira ndi masilinda ake. Ili ndi thandizo lomwe bizinesi, kopaletivi ndi mzikiti zingalipeze popanda fomu iliyonse, chifukwa lili kale mu mtengo wa m'shopu. Vuto lake ndi lakuti amapindula ndi amene ali ndi ndalama yogulira pakamodzi. N'chifukwa chake madenga a ku Area 43 adzaza msanga kuposa a ku Senga Bay, Chipoka kapena Makanjira, ngakhale dzuwa lathu limaposa lawo kutentha. Misonkho imasintha ndi bajeti iliyonse imene aphungu amakambirana ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre, choncho mverani wailesi nthawi ya bajeti.

Pali kanthu kenanso ka msonkho. Pa magetsi timalipira VAT. Bizinesi yaikulu yolembetsa VAT ku MRA, yogulitsa katundu wa msonkho, imatha kuchotsera VAT ya magetsi pa imene ikupereka. Kagolosale, chigayo cha m'mudzi ndi madrasa zilibe mwayi umenewo. Apanso wamkulu amapepukidwa, wamng'ono amasenza zonse.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, dziwani chimene mukugula. Yunitsi imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 yogwira ntchito ola limodzi. Tiyerekeze mzikiti uli ndi mababu akale 10 a mawati 60, oyaka maola 5 patsiku. Amenewo ndi mayunitsi atatu patsiku, 90 pamwezi. Mukaika mababu a LED a mawati 9, kuwala kofanana, mwezi wonse sapitirira mayunitsi 14. Palibe thandizo la boma lomwe lingakudulireni bilu ya kuunika ndi muyeso umenewo. Mota ya chigayo ya makilowati 15 imadya pafupifupi mayunitsi 15 pa ola ikamagwira mwamphamvu, ndipo imadyabe ndithu ikamangozungulira yopanda chimanga. Sonkhanitsani matumba kaye musanayatse, sinthani nyundo ndi sefa zikatha, mangani malamba bwino. Lembani mu kope mayunitsi a m'mawa ndi a madzulo pamodzi ndi ndowa zomwe mwagaya, mudzadziwa mtengo weniweni wa ndowa imodzi.

Chachiwiri, onani gulu la mita yanu. Ngati nyumba ya mwalimu kapena ya Shehe ili pa mita imodzi ndi shopu kapena holo, funsani ku ofesi ngati n'kotheka kupatula, kuti nyumbayo ipeze mtengo wa pakhomo. Koma musachite zosiyana, zolembetsa chigayo kapena firiji ya malonda ngati nyumba, kapena kulumikiza waya mozemba mita. Kumeneko n'kuba, ndipo ndalama ya mzikiti kapena ya chakudya cha ana siyenera kusakanikirana ndi zotero. Boma linakhwimitsanso zilango za kuba ndi kuwononga zipangizo za magetsi mu 2024. Thiransifoma ikabedwa mafuta kapena mawaya, ovutika ndi gombe lonse, choncho tiziilondera ngati mmene timalonderera maukonde.

Chachitatu, dandaulo lili ndi njira yake. Mukaona kuti bilu kapena mita siili bwino, yambani ku ofesi ya kampani, mulembe kalata, musunge kope lake ndi malisiti. Mukapanda kuthandizidwa, lamulo limakulolani kukadandaula ku MERA. Makomiti a asodzi afunsenso ku khonsolo ndi ku MERA za chilolezo chogulira mafuta m'zigubu nthawi ya bata, osadikira kuti mafuta asowe kaye.

Chachinayi, gulani pamodzi. Firiji ya sola kapena pampu ya sola yothirira dimba ndi yodula kwa banja limodzi, koma mabanja 20 oponya kangachepe nyengo ya usipa kapena pokolola mpunga angathe. Komiti ya mzikiti ingathenso kuyamba ndi panelo limodzi ndi batire loyatsira mababu ndi zokuzira mawu, n'kumaonjezera chaka ndi chaka. Pogula funsani chikalata cha galanti ndi lisiti, ndipo woika akhale wa chiphaso cha MERA, chifukwa mapanelo ndi mabatire achinyengo alipo ambiri pamsika. Za sola zolipira pang'onopang'ono pa foni, werengetsani ndalama zonse zimene mudzapereke pofika kumapeto, muyerekeze ndi mtengo wa kashi. Funsani ngati mtengowo ndi wokhazikika kuyambira tsiku loyamba kapena umakula mukachedwa kulipira, popeza ambiri a ife sitifuna kulowa m'ngongole ya chiwongoladzanja. Pomwe simukumvetsa, bwerani ndi pepalalo tidzawerengere limodzi musanasaine.

Chomaliza, tizipita kumisonkhano. Mtengo wa maziko womwe ulipowu ukutha mu 2027, ndiye kuti a MERA adzafunsanso maganizo a anthu pa mtengo watsopano. Makomiti a magombe, makopaletivi a mpunga ndi makomiti a mizikiti ndi matchalitchi a m'mbali mwa nyanja angathe kulemba kalata imodzi, yopempha kuti pakhale mtengo wofewa wa zigayo zazing'ono, makina a ayezi ndi mapampu a mthirira, ndi ziwerengero zochokera m'makope athu aja. Sitikulonjeza kuti adzavomera. Koma a mafakitale a ku Kanengo amalemba ndipo amamvedwa, pomwe ife sitinayesepo.

Kwa mayi aja a mwana wa ku Leicester, yankho ndi limeneli: boma lathu silitidulira bilu, ndipo ndi mmene chuma chilili sitikuyembekezera kuti liyamba posachedwa. Komiti yathu yagwirizana kusintha mababu onse mwezi uno, kuyamba kope la mayunitsi, ndi kutumiza anthu awiri ku khonsolo ndi kalata ya gombe lathu lakumpoto lomwe lilibe waya. Mwezi wamawa, Insha Allah, tidzakuuzani kuti mayunitsi atsika ndi angati ndiponso kuti ku khonsolo atiyankha zotani.